Chimfine cha Bambo a Takondwa

Atandiuza akuluakulu kuti ndasankhidwa kupita ku maphunziro ku Australia, ndinakhala masiku angapo osauza munthu. Ndinali sajeni pa bwalo la ndege za asilikali ku Zomba, ndipo ntchito yanga inali yolondolera ndege: kukhala pansanja, kuuza woyendetsa nthawi yonyamuka, mbali yolowera ndi nthawi yotera. Mwayi wotere subwera kawiri, makamaka kwa mzimayi. Koma mwana wanga Takondwa anali ndi zaka zitatu zokha, ndipo sankagona popanda kugwira khutu langa.

Amuna anga, a Mateyu, ndinawauza Loweruka lina akupukuta nsapato pakhonde. Iwo ndi mphunzitsi wa pulayimale, munthu wosafulumira kuyankha. Anamaliza kaye nsapato imodzi.

"Miyezi ingati?" anandifunsa.

"Isanu ndi umodzi."

"Ndiye mukudandaulanji, amake Takondwa? Chimanga tabzala chija mudzachipeza chili m'matumba. Pitani."

Mng'ono wanga Nelesi anali atangomaliza sekondale, choncho anabwera kudzathandiza kulera mwana. Ndinanyamuka kumayambiriro kwa chaka cha 2020, nthenda ya korona ikadali nkhani yakutali yomwe tinkangoimva pawailesi.

Kampu yomwe ndinapitako ili kumpoto kwa Perth, kupitirira nyumba zomaliza za mzindawo, komwe kumayambira minda ya mphesa ndi tchire la mabulugamu. Mpaka lero ndikakhala pansanja kuno ku Zomba, pa tsiku lopanda ndege, ndimapezeka ndabwererako. Ndimaona mmawa wa kumene kuja: ife tikuthamanga m'mbali mwa mpanda, nkhungu itagona pa udzu, akangaru ataimirira m'nkhungumo ngati anthu odikira minibasi. Kunali mbalame zina zakuda ndi zoyera zomwe kulira kwake kunali ngati madzi akulowa m'botolo. Dzuwa likangotuluka, tindege tophunzirira tinkayamba kunyamuka, kamodzi pambuyo pa kanzake, n'kumazungulira kampuyo mpaka madzulo.

Miyezi yoyamba sindinkaloledwa kulankhula ndi ndege yeniyeni. Tinkaphunzirira m'chipinda chamdima chozunguliridwa ndi magalasi a makompyuta, momwe ankatha kugwetsa mvula, kubweretsa chifunga kapena kuyatsa moto pa injini, zonse zabodza. Wotiphunzitsa anali a Greg, msilikali wamkulu msinkhu, wa mutu wa imvi, woyankhula ngati akuwerenga m'kalasi la ana. Tsiku lina ndege zanga ziwiri zabodzazo zitayandikana, ndinakweza mawu. Iwo anaimitsa makinawo.

"Woyendetsa sakukuona, Eliza," anatero. "Ali ndi mawu ako basi. Akamva mantha mwa iwe, nayenso ayamba kuopa. Yambiranso."

Ndisanathe n'komwe miyezi iwiri, dziko linatseka zipata zake. Ndege zonyamula anthu zinasiya kudutsa, moti kumwamba kunatsala kuli mbee, kopanda ngakhale kamzere koyera kaja kamene ndege zimasiya. Miyezi isanu ndi umodzi itakwana, njira yobwerera kunalibe. Akuluakulu a kwathu ndi a kumeneko anagwirizana kuti m'malo mongokhala, ndipitirize gawo lachiwiri la maphunziro. Ndinayankha kuti chabwino bwana, kenako ndinakalowa m'bafa n'kutsegula madzi kuti anzanga asandimve.

Chodabwitsa n'chakuti ku Perth nthendayo sinafale ngati kwina. Patapita kanthawi mashopu anatsegulidwa, anthu n'kumayenda opanda masiki, kumakasambira kunyanja, pomwe pafoni panga pankangobwera mauthenga a maliro. Ndinkakhala ngati munthu wogona m'nyumba yabwino akumva kulira kuseri kwa khoma. Nthawi zina ndinkadzifunsa ngati ndili maso.

Ku tchalitchi ndi komwe ndinakumana ndi Mayi Zulu, namwino wa ku Chipata yemwe ankagwira ntchito pachipatala chachikulu ku Murdoch. Atamva ndikuimba nyimbo ya Chingerezi m'kamvekedwe ka kwathu, anandikoka dzanja potuluka.

"Manje iwe unkala chabe weka ku kampu? Awe, mwana wanga. Pa Sondo paliponse uzibwela ku nyumba."

Kuyambira pamenepo, ndikapatsidwa mpata, ankadzanditenga pa siteshoni ya mabasi ku Morley. Tinkaphika nkhwani wotendera womwe ankalima kuseri kwa nyumba yawo, adzukulu awo akundifunsa mafunso m'Chingerezi chotulukira m'mphuno. Ndikawayankha m'Chichewa ankamva zonse, koma poyankha ankabwerera ku Chingerezi chawo chomwecho. Wamng'ono anali msinkhu wa Takondwa. Ndinkamuluka tsitsi ngakhale lisanaphwasuke.

Za ndalama sindibisa: alawansi yomwe ndinkalandira inali yoposa malipiro athu awiri kuphatikiza. Ndinkadya ku kampu, kuvala yunifolomu, yotsalayo n'kutumiza. Nyumba yathu anaikhoma malata atsopano, Nelesi analipira kozi ya zosoka, ndipo achibale omwe sankandiimbira kale anapeza nambala yanga. Ndikatumiza ndinkamva ngati ndagwira dzanja la munthu wa kwathu, koma kwa kanthawi kochepa chabe.

Tinkalankhulana pa vidiyo ine ndikaweruka, iwo kukadali masana. Ndinkawaonetsa zokongola zokhazokha: mtsinje waukulu wa mumzinda, maluwa achikasu a m'tchire, mbalame zoyera zaphokoso. A Mateyu ankandionetsa malata, nkhuku ndi Takondwa akuvina. Mwanayo ankapsompsona foni, kenako n'kuitembenuza kuti aone ngati ndili kumbuyo kwake.

Chaka chitatembenuka, uthenga unabwera kuchokera kwa Nelesi: "Achemwali, alamu ali ndi chimfine, mawu atsekeka. Akuti musadandaule." Vidiyo inasiya. Ndikaimba, Nelesi ankati netiweki yavuta, mwina magetsi azima, mwina alamu agona. M'malo mwake ankanditumizira mawu a Takondwa akuimba. Nthawi imeneyo ndi yomwe nthenda ija inavuta kwambiri kwathu. Ndinkadziwa zimenezo. Koma munthu ukakhala kutali umasankha chomwe ungathe kunyamula, ndipo ine ndinasankha chimfine.

Masiku omwewo tchire linapsa kum'mawa kwa kampu. Kunali kotentha koopsa, ndipo utsi unkayendayenda ndi mphepo. Apa n'kuti nditayamba kukhala pansanja yeniyeni, a Greg ali pambali panga ndi zomvera zawo m'makutu. Masana ena mphepo inatembenuka mwadzidzidzi. Dzuwa linasanduka lofiira ngati phwetekere, phulusa likugwa pang'onopang'ono pagalasi la nsanja. Tinaitana ndege zonse kuti zibwerere. Zinatera, kupatula imodzi. Munali mnyamata wa ku Asia, wophunzira ngati ine, yemwe anali atangoyamba kuuluka yekha.

Mawu ake anabwera pawailesi ali onjenjemera. Anati sakuona pansi.

Ndinayang'ana a Greg, ndikuganiza kuti aitenga okha ntchitoyo. Anangogwedeza mutu kuti pitiriza. Pagalasi la rada mnyamatayo anali kadontho kakang'ono kobiriwira. Ndinamuuza kuti ndikumuona, akhote pang'ono kumanzere, atsike mwakuti, asasiye kuyang'ana zida zake. Ndinkalankhula pang'onopang'ono ngati ndikunyengerera mwana kumwa mankhwala. Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Ndimangokumbukira nyali ziwiri zikutuluka muutsi wofiirawo mwakachetechete, ngati chinthu cha m'maloto, kenako matayala kukhudza pansi.

A Greg anandigwira paphewa. Nditatsika ndinathamangira foni kuti ndiwafotokozere a Mateyu. Inaitana mpaka kuduka yokha. Ndinakhala pansi pa mtengo, phulusa likundigwera pa yunifolomu, ndikuyang'ana foniyo.

Patapita milungu ingapo vidiyo inabwerera. A Mateyu anali ataonda, ndipo ankalankhula atakhala pansi nthawi zonse, mawu ochepaochepa. Ndikafunsa ankaseka.

"Chimfine cha chaka chino n'chamwano. Inu limbikirani sukulu."

Ndinabwerera kwathu chakumapeto kwa chaka chimenecho, m'nyengo yotentha, nditabayitsa katemera ndi kuyezetsa kangapo panjira. Mayi Zulu anandiperekeza ku bwalo la ndege atandilongedzera zovala za adzukulu awo zoti ndikampatse mwana. Ulendo wonse ndinkaona m'maganizo mwanga a Mateyu akuthamanga kudzandilandira chikwama.

Galimoto ya ku ntchito inanditsitsa pamsewu, chifukwa kanjira kopita kwathu n'kokwera ndipo n'kamiyala. Pamphambano pamakhala mayi wina wogulitsa tomato, Nachisale, yemwe kale tinkangopatsana moni wapakamwa. Atandiona anasiya benchi lake n'kundikumbatira.

"Mwabwera, asilikali athu! Mulungu ndi wamkulu. Ife tinali titataya mtima, mayi. Tsiku lomwe tinawanyamula pamachira kutsika nawo apa, ndinati aphunzitsi awa sabwereranso."

"Pamachira?"

Anandiyang'ana, n'kugwira pakamwa.

Ndinakwera kanjirako. Pakhomo ndinapeza a Mateyu ataimirira, dzanja limodzi atagwira chipilala cha khonde. Sanathamange. Takondwa anabisala kumbuyo kwa Nelesi, wamtali kuposa momwe foni inkamuonetsera, akundisuzumira ndi diso limodzi.

Nkhani yonse ndinaimva kwa Nelesi tsiku lomwelo, akulira. Alamu ake anagona m'chipatala pafupifupi mwezi, ali pa mpweya wa okosijeni. Asanawanyamule anamulumbiritsa kuti asandiuze. Anthu oyandikana nafe ankasinthana kupereka chakudya pageti la chipatala, poti kulowa sankaloledwa. Nachisale anatenga Takondwa n'kumagona naye kwawo pamodzi ndi ana ake, anthu ena akuopa ngakhale kudutsa pakhomo pathu. Nyimbo zomwe ndinkamvera ku Perth zija ankajambulira m'nyumba mwa mayi ameneyu.

Ndinakwiya kwambiri. Mawa lake mmawa, Nelesi atapita kumsika, ndinawapeza a Mateyu kuseri akuthirira mbewu zamasamba ndi kachitini.

"Mukanamwalira, ndikanamva kwa ndani? Kwa wogulitsa tomato?"

"Mukanatani, amake Takondwa? Ndege kunalibe."

"Ndikanapemphera! Ndikanalira nanu limodzi! Ine ndinkakuonetsani maluwa, inu muli pa mpweya?"

"Nanga inu," anatero mofatsa, "maluwa aja ndiye anali moyo wanu wonse? Maso anu ndinkawaona. Nanenso sindinafunse."

Anafuna kupitiriza, koma mpweya unawathera. Anaika kachitini pansi, kuwerama, manja pamawondo, chifuwa chikulira ngati chitseko chakale. Ine amene ndinatsitsa ndege muutsi ndinangoima, osadziwa choyamba n'chiti.

Takondwa ndiye anatulukira kuchokera kukhitchini akukoka kampando. Sanathamange, sanalire. Anakaika kumbuyo kwa bambo ake, kuwakoka malaya kuti akhale, n'kuwamasula batani lapakhosi. Zinkaoneka kuti wazichitapo kambirimbiri. Kenako anandiyang'ana, koyamba kundiyang'ana m'maso chibwerereni.

"Musawayankhulitse. Akupuma kaye."

Pamenepo ndi pomwe ndinaona kuti nyumba yomwe ndinkailota ku Perth inali itapita kale. Yomwe ndinaipeza inali ina, yomangidwa ndi anthu omwe anavutika limodzi ine kulibe, ndipo inali ndi malamulo ake omwe ngakhale mwana ankawadziwa. Mlendo ndinali ine.

Mwanayo anayamba kusisita msana wa bambo ake, koma dzanja lake linali laling'ono, losafika pamwamba. Anaima, kuganiza pang'ono, kenako anabwera n'kugwira dzanja langa. Analikoka mpaka kuliika pakati pa mapewa awo.

"Apa," anatero. "Pang'onopang'ono. Musasiye mpaka anene okha."

Ndinagwada pa dothi lonyowalo n'kuyamba kusisita, iye atagwirizira dzanja lake pamwamba pa langa kuti ndisalakwitse.