Nsalu ya pachifuwa cha Sapato

Ndikukumbukira kutsokomola kwa Sapato kuposa kulira kwa mfuti. Sapato anali galu wathu, ndipo tinamutcha choncho chifukwa cha mapazi ake oyera ngati wavala nsapato. Pamene nkhondo inkafika m'mudzi mwathu, kumunsi kwa Milange, n'kuti atakalamba kale: mano atatha, maso atachita ng'ala, chifuwa chosaleka.

Abambo ankasaka naye kalekale, ndiye ankamusamala mpaka amayi ankati pakhomopo apongozi awo ndi galu. Koma ntchito yambiri inkagwera ine. M'mawa ndinkasinja mitu ya matemba n'kuithira m'phala la gaga, ndikuliuzira kuti lipole, poti fupa sankalithanso. Masana ndinkamuchotsa nkhupa m'makutu, abambo n'kumamuthowa miyendo ndi madzi ofunda. Chiperoni chikatsika m'phiri tinkamumanga kansalu ka amayi pachifuwa. Nsalu inkasowa zedi masiku amenewo. Anthu ena ankavala masaka, koma bwana Sapato ankavala chitenje.

Anthu atayamba kubisala m'tchire, ambiri anapha atambala ndi agalu awo kuti phokoso lisawaulule. Anansi athu anakana kubisala nafe pamodzi. Amayi anati, "Bambo a Rozina, galuyu atiphetsa. Musankhe, iyeyu kapena anawa."

"Sauwanso uyu," anatero abambo. "Akadzangoyamba kutsokomola tili kobisala, ndidzamupha ndekha."

Kuyambira pamenepo ankayenda ndi chingwe m'thumba. Ine Rozina ndinkachiopa chingwecho mofanana ndi momwe ndinkaopera amfuti, ndipo phala ndinkalifewetsa kwambiri kuti lisamutsamwe.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, amfuti anatulukira. Tinathawira m'nsungwi za kumtsinje: abambo, amayi khanda lili kubere kuti lisalire, ine Sapato ali pamiyendo. Tinkamva majombo akuswa masamba ouma m'njira. Kenako pansi pa dzanja langa ndinamva chifuwa chija chikubwera. Ndinamusisita pakhosi, ndinamutseka pakamwa, ndikupemphera chamumtima. Abambo anatulutsa chingwe, koma anachedwa. Kho, kho.

Majombo aja anaima. Abambo anamukankhira Sapato kunja kwa nsungwi, poganiza kuti amfutiwo aziti ndi galu wosiyidwa, pakuti otero anali mbwee m'midzi yothawidwa. Apo m'pamene ndinaona kansalu kaja kakadali pachifuwa, mfundo yake yomanga ine ndemwe m'mawa. Galu wosiyidwa amamuveka nsalu ndani? Ubweya wosalala, nkhupa ngakhale imodzi palibe. Chisamaliro chathu chomwecho chinkaloza pamene tinali. Mkodzo unatsika wokha m'miyendo mwanga.

Anabwera mmodzi, wamtali, mfuti ili patsogolo. Sapato, pokhala wosaona, anamununkhiza majombo n'kumugwedezera mchira. Munthuyo anawerama, anagwira mfundo ija, anasuzumira m'khutu la galuyo, kenako anatembenukira kunsungwi. Sindikunama ayi, maso ake ndi anga anakumana. Anamasula nsaluyo pang'onopang'ono, n'kuipinda, n'kuipisa m'thumba, ndipo anafuulira anzake m'Chipwitikizi kuti ndi galu chabe. Mpaka lero sindidziwa ngati anatimvera chisoni kapena ankangofuna nsalu.

Atapita, Sapato anabwerera monunkhiza, n'kuyamba kunyambita zala za abambo, chingwe chikadali m'manja. Ndinadziwa kuti mawu awo aja akwana, ndipo ndinabisa nkhope. Koma amene analankhula ndi amayi.

"Tayani chingwecho," anatero. "Mumubereke galuyo, tiwoloke malire lero lomwe."

Tinawoloka mtsinje wa m'malire kupita ku Muloza, madzi akundilekeza m'chifuwa, abambo atabereka galu kumbuyo m'saka ngati mwana. Anthu a kutsidya anatiseka, ife osasamala. Sapato anafera komweko ndi ukalamba, atagona pamphasa, atavala kansalu kena kamene amayi anang'amba okha.

Masiku ano galu akakalamba savuta. Mankhwala a nkhupa ali m'sitolo, ndipo dotolo wa ziweto umamuimbira foni n'kubwera panjinga yamoto. Pakhomo panga pali galu wina wokalamba amene ndimamusinjira matemba. Akatsokomola, zidzukulu zanga zimamuyerekeza n'kumaseka. Ine ndimangozindikira ndamutseka kale pakamwa, makutu ali kunjira.