Ndege Yomwe Sinafike kwa Amayi

Ndinali ndi zaka khumi pamene kolera anasesa mudzi wathu kwa Makhuwira. Amayi anawanyamula pa njinga ali lende, n'kukawagoneka m'tenti kuseri kwa chipatala. Tentiyo anaizinga ndi waya, ndipo kunja kwa wayayo anamanganso chingwe choti ife abwinobwino tisadumphe. Masana ankapinda mbali imodzi ya tenti chifukwa cha kutentha, choncho ndinkawaona patali atagona, maso atalowa m'kati.

Kukuwa ndikanatha, koma zomwe zinkandidya mumtima sizinali zokuwa pagulu. Masiku atatu asanadwale, amayi anandituma kumjigo. Mzere unali wautali, dzuwa likuswa mtengo, anzanga akusewera fulaye. Ine ndi ulesi wanga ndinakatunga m'chithaphwi cha madzi osefukira, n'kunama kuti ndi a pamjigo. Pochokera kumunda amayi anamwa makapu awiri, n'kundiyamikira kuti ndafulumira.

Ndinaganiza zowalembera. Ndinang'amba pepala m'kope langa, n'kupinda ndege monga ankachitira anyamata kusukulu. Nditaiponya inangodzuka m'mwamba n'kugwera pamapazi panga.

Mlonda wa pamenepo, a Zuze, anali kundiyang'ana. Anali mkulu wa ku Nsanje, ndipo kale ankapakira feteleza m'ndege yowaza minda ya nzimbe.

"Mwananga, ndege yakoyi ilibe mutu. Bwera nayo kuno."

Anapinda mphuno yake kawiri, n'kulasapo minga ya mthethe.

"Cholemera chizikhala kutsogolo. Ukachiika kumchira imadzuka ngati mbuzi yofuna kugunda, kenako pansi. Wamva?"

Ndinaiponya. Inadutsa chingwe, inadutsa waya, n'kutera pakhomo pa tenti. Mayi wina wokolopa anaitola n'kukawapatsa amayi. Ndinali nditalembamo zoti mbuzi zili bwino. Amayi anawerenga, n'kukweza dzanja pang'ono. Ndege yachiwiri inanena zoti ndasesa pabwalo, yachitatu zoti mlongo wanga wasiya kulira. Zonse zinafika, koma zenizenizo ndinkangozizemba.

Tsiku lachinayi ndinalimba mtima. Ndinalemba kuti, "Amayi, madzi aja sanali a pamjigo. Mundikhululukire." Ndinatenganso masau ouma awiri, poti amayi ankawakonda, n'kuwatsekera m'mapindo a kumchira. A Zuze anaona.

"Iwe! Ndinati chiyani ine?"

Ndinaponya asanafike pomwe ndinaima. Ndege inadzuka, inazungulira, n'kugwera pakati pa chingwe ndi waya, m'matope onunkha kulorini. Chogwera pamenepo sichinkatoledwa. A Zuze anaikokera ndi ndodo yaitali ku zinyalala zokawotcha, ine ndikuona inki ikusungunuka.

"Usalire. Ubwere mangwana, tidzapinde ina."

Mawa lakelo ndinalawirira, pepala lili m'manja. Pabedi paja panali patagona munthu wina. Amayi anawaika tsiku lomwelo atawakulunga m'pulasitiki, ndipo sitinaone ngakhale nkhope.

Kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti kunali kuphonya kwa mwana. Pano ndapitirira msinkhu womwe amayi anafera, ndipo odziwa amandiuza kuti chaka chimenecho matendawa akanatha kuwatenga paliponse. Mwina n'zoona, koma sizinditonthoza, chifukwa chomwe chimandipweteka n'china. Ndege zitatu ndinaziponya bwinobwino. Ndinkadziwa pomwe cholemera chimakhala. Masau aja ndinawaika kumchira chifukwa ndinkafuna kupepesa, koma ndinkaopa kuwaona amayi akuwerenga. Anapita akuganiza kuti mwana wawo sanama, ndipo ndine ndemwe ndinasankha kuti apite choncho.