Tsiku limene anandidikiritsa panja

Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma pakamwa Mulungu anandipatsa. Kutchalitchi kwathu kuno ku Glasgow ndikaimirira kupemphera, maikolofoni amaika pansi. Chizungu changa n'chothyokathyoka, inde, koma ndi chomwecho chimene chinatisunga ku Sighthill, nyumba zazitali zija asanazigwetse. Mayi a kunyumba Chizungu sachitha, ndiye kulikonse, kaya kwa dokotala, kaya m'basi, wolankhula ndinali ine. Iwo ankangogwira mkono wanga.

Maso awo atachita ng'ala, anatitumiza ku kachipatala kena kumene amachita opaleshoni m'mawa, madzulo munthu n'kukagona kwawo. Ine zimenezo sizinandilowe. Kwathu munthu akamuchita opaleshoni amamugoneka, gadiyani ali pambali. Awa akuti acheke diso, kenako tikakwere sitima? Ndinakonzeka kukawauza kuti mayiwa akuopa, atipatse mankhwala odontheza basi. Ndi mmene ndinkayankhira kwa dokotala wathu wakale, ndipo ankandimvera.

Titalowa ndinakhala mpando woyandikira dokotala n'kuyambapo. Namwino anandidula mwaulemu. Anati lamulo la zipatala zawo sililola wachibale kumasulira pa nkhani yovomera opaleshoni. Wodwala ayankhe yekha kudzera mwa womasulira wawo. Anaika foni patebulo, ndipo m'menemo munatuluka mawu a mzimayi wa kwathu komwe, akupereka moni kwa mayi m'Chichewa chabwinobwino.

Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti mayi amenewa ndinawakwatira onsewo asanabadwe, kuti foniyo siidziwa ngakhale chakudya chimene chimawapweteka m'mimba. Mawu anga anamveka mpaka kumene kunali odwala ena. Namwino anangoti pepani, lamulo silake.

Mayi anachotsa dzanja pamkono panga.

"Bambo, tadikirani panjapo pang'ono."

Ndinatuluka. Ndinakhala pakati pa azungu okalamba omata diso limodzi, chipewa chili pabondo. Chitseko chinali chotseka, koma mawu a mayi ndinkawamva. Sindinkamva zimene ankanena, kungoti ankalankhula, kulankhula ndithu, osapumira. Pena anaseka. Moyo wanga wonse ndinali ndisanawamvepo akulankhula ndi dokotala nthawi yaitali choncho.

M'sitima yobwerera kwathu ku Pollokshields ndinawafunsa zimene anauza anthu aja. Anati avomera. Anati atopa kudzicheka zala podula anyezi, atopanso kusiyanitsa adzukulu ndi mawu okha, ana oti ukawafunsa m'Chichewa amakuyankha Chizungu cha kuno chosamveka mutu wake. Ndinawakumbutsa kuti paja iwo amaopa mpeni.

"Ine ndinanenapo liti zimenezo? Amene mumaopa ndinu."

Ndinayang'ana pazenera mpaka tinatsika.

Opaleshoni inachitika. Lamulo lina linkafuna munthu wamkulu wokatenga wodwala n'kukhala naye kunyumba, ndiye pamenepo anandikumbukira, ndinapita nditavala jekete. Patapita masiku mayi anayamba kuona, ndipo choyamba kuona chinali litsiro la pakolala ya malaya anga a kutchalitchi. Lero amakwera basi okha kupita kumsonkhano wa amayi. Akuti ayambanso sukulu ya Chizungu ku Hillhead, pa ukalamba umenewu.

Musandimve molakwa, kuti akuona ndikuthokoza. Lamulolo mpaka lero sindilikonda, linandichititsa manyazi pamaso pa ana aja a kuchipatala. Chimene chimandiwawa ndi zaka zonse zija anakhala mu chifunga, ali pambali panga, ine ndikuwayankhira, iwo ali chete chifukwa cha ulemu. Mawu amene anasunga zaka zonsezo anakawamva mlendo wa pafoni amene sindidzamuona n'komwe nkhope.

Titapita za diso lachiwiri, mayi anapempha foni ija okha asanakhale n'komwe pansi. Palibe anandiuza kuti ndituluke. Ndinabwerera ndekha pamipando ya panja, chikhoti chawo chili m'manja.