Ndinagulitsitsa Mbuzi za Amayi Kalata Isanabwere

Inu owerenga, ine ndinagulitsitsa mbuzi zinayi za mayi anga chifukwa cha malo a ku yunivesite amene sindinawapeze. Ndavomera. Koma musavutike n'kundiseka, ku Ngokwe andiseka kale mokwanira, moti ngakhale nkhuku zikandiona zimayang'ana kumbali.

Zinayamba ndili Fomu 4. Kusukulu kwathu kunabwera bambo wina wa kwa Nsamala, wogwira ntchito ku yunivesite, nsapato zake zowala moti ntchentche ikanaterapo ikanathyoka mwendo. Anati iye saphunzitsa. Ntchito yake n'kuwerengera kuti chaka chamawa kulowa ophunzira angati, ochokera maboma ati, kenaka n'kuona kuti pafunika mabedi angati, nyemba matumba angati, ndalama zingati. Ine chamumtima ndinati ntchito yanga ndi imeneyi basi. Masamu ndinkangowatafuna ngati mtedza.

Mayeso atatuluka ndinakhoza bwino, ndiye ndinati bwanji ntchito ija ndiyambiretu. Paja masiku ano amasankha potengera boma la kwanu, boma lililonse malo ake. Ndinatenga kope n'kulemba aliyense wa Machinga amene analemba nawo mayeso. Ndinabwereka njinga ya amjomba, alongo awo a amayi, n'kupalasa mpaka kwa Mposa, kufunsa mapointi khomo ndi khomo ngati wa kalembera. Matako anatupa ngati maungu. Nditawandandalika onse, ine ndinali wachitatu, pomwe malo a boma lathu ndinamva kuti amaposa pamenepo. Mukanakhala inu mukanatani?

Tsamba lachiwiri ndinalemba zofunika: thiranki, bulangete, nsapato, ya basi, ya fizi. Pansi pake ndinalemba kuti mbuzi zinayi. Mbuzizo amayi ankasungira mankhwala opopera thonje, chifukwa chimwalirireni abambo thonje ndi limene limatidyetsa.

Amayi sadziwa kuwerenga, koma kopelo analiyang'ana nthawi yaitali. Anangofunsa kuti, “Kalata yabwera?”

Ine ndinati, “Amayi, kalata ndi mwambo chabe. Masamu sanama.”

Amjomba anakana, amvekere mbuzi sagulitsira mphekesera. Ndinawauza kuti ndikadzagula galimoto iwo azidzakwera kumbuyo ndi katundu. Amayi anaseka, ndipo mbuzi zinapita.

Thiranki ndinakagula ku Balaka. Ndinapeza mkulu wina wolemba zikwangwani pafupi ndi siteshoni, ndinamuuza alembe dzina langa, pansi pake YUNIVESITE, zilembo zoti munthu aziwerenga ali ku Mozambique. Akupaka penti anati, “Thiranki yachisanu imeneyi sabata ino. Onse akuti ndi a Machinga.” Ine ndinati enawo akulota. Inu owerenga, Mulungu anandichenjeza kudzera mwa munthu wa penti, ine osamva.

Tsiku lotchula mayina pa wailesi, masana, ndinaitana Ngokwe yense pakhonde la golosale. Ena anasiya makasu kudimba, ena anabwera ndi mipando yawo. Anayamba kutchula a Machinga. Dzina loyamba sindikulidziwa. Lachiwiri sindikulidziwa. Ndinati asungira abwino kumapeto. Kenaka ndinangomva akutchula boma lina.

Amjomba ndi amene anandimasulira. Balaka yonse ija, ndi masukulu ake a mishoni, ili pansi pa Machinga yomweyi. Ine ndinkadziwa, mwana wa Sitandade 3 amadziwa, koma njinga sinafikeko ndiye m'kope munalibe. Dzina lina amjomba analizindikira: mdzukulu wa kwa Nsamala wobadwira ku Limbe, woti thonje analiona pa chithunzi chokha, koma pafomu kwawo amalemba Machinga. Oterowo aliko mwina miliyoni. Ine ndinawerenga okhawo amene ndinkawaona ndi maso.

Ndinayamba kukweza mawu kuti kasankhidwe kameneka, koma ndisanamalize amjomba anandiponda chala mpaka chikhadabo chinada, chifukwa atcheyamani a chipani anali pabenchi pomwepo. Ndiye za boma sindinenapo kanthu, iyayi. Khadi langa la chipani lili m'thumba muno.

Thonje la chaka chimenecho silinapoperedwe. Mbozi zinadya mpaka zinanenepa ngati mbewa. Amayi sanandikalipire ngakhale kamodzi, ndipo bola akanandimenya ndi mpini. Anangotsegula thiranki ija, n'kuigogoda, n'kunena kuti, “Chivundikiro chake n'chabwino, makoswe salowa.” Anathiramo nandolo wa mbewu. Pamenepo ndinalira, sindinama.

Pano pamsika amanditcha a Pulofesa. Ndimayankha, chifukwa dzinalo likundikhala. Ndinapeza ganyu yolemba masikelo pamsika wa thonje, ndipo mbuzi imodzi ndabweza kale, yaikazi, ili ndi bere. Mayeso ndilembanso. Ulendo uno sindikufuna kukhala wachitatu wa m'kope langa, ndikufuna mapointi oti wa ku Limbe uja akawamva adwale malungo. Mpando wa bambo wa nsapato zowala uja ndidzaukhala, ndipo ndidzakhala wowerengera woyamba wodziwa mtengo wa kulakwitsa, chifukwa ine ndinaulipira ndi mbuzi.

Tsono anzanga amene mukudikira mayina, masamu sanama, koma amangoyankha zimene mwawapatsa. Musanawerenge opikisana nawo, funsani kuti amene simukuwaona ali kuti. Wa penti akayankhula, mverani. Ndipo chiweto cha mayi anu musachikhudze kalata isanafike m'manja mwanu, mwaiwerenga kawiri, wina wakuwerengeraninso.

Dzulo amjomba anabwera ndi kachitini ka penti wakuda kuti tifufute mawu aja pathiranki, akuti alendo akumafunsa. Ndinakhalapo pamwamba pake, sindinasunthe. Amayi anali akupeta pakhonde, ndipo osadzutsa n'komwe mutu anati, “Asiyeni mawuwo, achimwene. Nandolo ndidzachotsamo tsiku lake likafika.”