Tsiku Limene Ndinamanga Khoma Maliro Akudutsa

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amalume, amene ankasoka zovala pakhonde la sitolo pa Ntcheu Boma. Anamva kuti folomani wina akufuna mmisiri wokamanga nyumba ya aphunzitsi cha ku Kasinje. Folomaniyo anayamba waona khadi langa la chipani, kenako n'kundipatsa zipangizo zoyezera khoma: levulo, sikweya ndi chingwe.

"Mvula isanagwe, malata akhale atakwera," anatero. "Ukachedwa, aphunzitsi achoka."

Sankanama ayi. A Mbewe, mphunzitsi yekhayo pasukulupo, ankagona m'kalasi ndi akazi awo ndi ana atatu, m'mawa n'kumapinda mphasa ana asukulu asanalowe. Nyumba ya lendi kunalibe. Aphunzitsi awiri anali atathawa kale chifukwa cha zomwezo.

Njerwa anaumba ndi kuotcha okha abambo a m'mudzimo. Amayi ankatunga madzi kudambo n'kumadzaza diramu. Simenti inali ya pansi pokha, makoma tinkamanga ndi dothi. Ine ndinkakoka chingwe, kuyala mzere, kuika levulo, n'kuyambanso. Ndinkagona m'kachipinda kosungira simenti, ndipo Lamulungu ndinkangokhala pamulu wa njerwa wopanda wocheza naye. Ndinkasowa kwathu koopsa.

Khoma litafika pamwamba pa mawindo, m'mudzimo munagwa maliro. Mwambo ndinkaudziwa, ndisaname: maliro akagwa, khasu limagona. Koma kumwamba kunali kutayamba kuda, diramu linali lodzaza, ndipo ndinati mumtima, ine ndine mlendo, malemuwo sindiwadziwa. Ndinakanda dothi n'kukwera pansanja.

Kalanga ine, njira ya kumanda inkadutsa pasukulu pomwepo! Ndinangomva nyimbo yasiya. Potembenuka, mudzi wonse unali utaima, bokosi pamapewa, ine njerwa kumanja. Mayi Nangozo, amene ankatsogolera amayi otunga madzi, anayandikira nsanja ija.

"Amisiri, njerwa mwagwirayo anaotcha ndi amene tanyamulawa."

Anangonena zomwezo, gulu n'kupitirira.

M'mawa mwake sipanabwere ndowa ndi imodzi yomwe. Palibe ananditukwana. Ndinapita kukapepesa kusiwa, anamfedwa anati, "Tamva," basi. Ndinayamba kutunga ndekha, ndowa ziwiri, kudambo ndi kusukulu mpaka dzuwa pamutu. Pofika madzulo ndinkakhala nditayala mizere iwiri yokha, mapewa atasupuka. Wondipatsira njerwa panalibe, ndiye ndinkatsika ndi kukwera ngati nyani.

Mvula inandipeza denga lisanakwere. Inagwa masiku atatu, dothi la pakati pa njerwa linasungunuka, khoma la kum'mawa n'kugwa lonse.

Sabata yomweyo a Mbewe anakweza katundu pangolo. Anabwera kudzanditsanzika ndikutola njerwa m'matope.

"Musadziimbe mlandu, achimwene. Mwana akutsokomola, m'kalasi muja mukudontha. Ndapirira mokwana."

Mawu abwinowo anandiwawa kuposa kutukwanidwa. Sukulu inatsekedwa, ana anabwerera kuminda ndi kokaweta mbuzi, ena sanadzabwererenso m'kalasi. Ndinkawaona akudutsa ndi makasu, ine n'kuyang'ana kumbali.

Ndamanga nyumba zambiri kuchokera apo, koma kulikonse ndikamva kulira m'mudzi, ndimatsika pansanja n'kupita kukakhala pansi ndi anthu, ngakhale folomani akalipe bwanji. Nyumba yotsika mtengo imamangidwa ndi manja a anthu osalipidwa, ndipo ukawanyoza watsala wekha.

Ya ku Kasinje ija ndinaimaliza mvula itatha, yowongoka bwinobwino. Ndinakhoma chitseko, n'kuima panja ndi kiyi, wopanda woti ndimupatse.