Mpunga wa a Msiska

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali anga, omwe ankakolopa pa kachipatala kena kapulayiveti ku Chilumba. Ndinali nditakhala pakhomo chaka chathunthu ndi satifiketi ya kadyedwe koyenera, ndiye atamva kuti kukufunika munthu wothandiza odwala shuga kuchepetsa thupi, anakandilankhulira kwa Sisita Nyagondwe, namwino wamkulu wa pamalopo.

Zida zanga zinali sikelo yoyezera anthu, tepi yoyezera m'chiuno, timasikelo tiwiri ta kukhitchini tobwereketsa odwala, ndi foni yokhala ndi apu yowerengera makalori. Wodwala ankayeza chakudya chake kunyumba n'kulemba magalamu papepala. Ine ndinkalowetsa mu apu, ndipo akapyola muyezo nambala inkafiira. Apuyo sinkadziwa kondowole kapena usipa, tinkachita kuziwonjezera tokha. Ndimakasowa kachipinda komwe ndinkagwiriramo ntchito kaja mpaka lero, ngakhale kankatentha ngati uvuni wa buledi.

Mwa odwala onse ndinkakonda a Msiska, mlimi wa mpunga wa ku sikimu ya Hara, bambo wamimba yaikulu ndi phwete lomveka mpaka kugeti. Ankabwera Lachinayi lililonse pa njinga, pepala la magalamu lolembedwa ndi akazi awo lili m'thumba la shati.

"Monire, dokotala wane," ankatero. "Tiye tione ngati foni yako yandikhululukira sabata ino."

Sinkawakhululukira. Sabata iliyonse nambala inkafiira pa mpunga, ine n'kumati, "Adada, chepetsani." Anachoka pa mbale yodzaza kufika pa theka, kenako pa zipande ziwiri. Thupi linkatsika mofulumira, ndipo ine ndinkayenda mapewa m'mwamba.

Tsiku lina m'nyengo yowokera anabwera nawo pa njinga yamoto, atagwiriridwa ndi akazi awo kumbuyo, matope mpaka m'makutu. Anali atagwa m'munda. Sisita atawabaya chala anapeza shuga watsika kwambiri, popeza mapiritsi ankamwabe monga kale koma chakudya chinali chochepa. Anawamwetsa madzi a gulukosi, n'kundiuza kuti ndibweretse foni.

Anayang'ana pang'ono chabe. Mu apu mpunga unali ndi mizere iwiri, wosaphika ndi wophika. Ine masabata onsewo ndinkadina wapamwamba, wosaphika, pamene akazi awo ankayeza wophikaphika wa m'mbale. Mpunga ukaphikidwa umamwa madzi n'kulemera, choncho ndinkawawerengera makalori pafupifupi katatu kuposa amene ankadya.

"Munthu wolima m'madzi tsiku lonse wamudyetsa ngati khanda," anatero Sisita, motsitsa mawu. Bola akanangondikalipira.

A Msiska atatsitsimuka ndinagwada pambali pa bedi n'kufotokoza zonse. Ndinkayembekezera kuti aseka, kapena andilalatira. Anangoyang'ana kudenga.

"Mwana wane, mpunga ndaulima kuyambira ndili mnyamata. Kapu imodzi ukaphika imadzaza mbale, ndikudziwa. Ndinaona kuti nambala yako njayikulu."

"Nanga bwanji simunanene, adada?"

"Ndinati wophunzira ndi iwe."

Sisita sanandichotse ntchito. Anasintha mapiritsi a a Msiska, ndipo ine anandilamula kuti ndisalowetse kalikonse mu foni ndisanafunse mwini chakudyacho mmene chinaphikidwira komanso ntchito imene amagwira. Lamulo limenelo ndimalitsata mpaka pano kuno ku Mzuzu, ndipo nambala ikafiira ndimayamba ndafunsa wodwala ngati iyeyo akuona kuti ndi zoona.

A Msiska anachira. Kasikelo anabweza kudzera mwa akazi awo, ndipo anayamba kukalandira mankhwala kwina. Ndinagwira pamalopo zaka zina ziwiri, ndipo Lachinayi lililonse njinga ikalira pageti ndinkadzutsa mutu. Sanabwerenso.