Ovolosi ya bambo pa tsiku la jenda

Ndikukumbukira chaka chomwe ndinali mu Sitandade 7, pamene ophunzira a pakoleji ina anabwera kusukulu kwathu ku Old Town atanyamula zitini za penti. Anati akonza tsiku la jenda, ndipo m'malo momvera zolankhula tsiku lonse, anyamata ndi atsikana tijambula limodzi chithunzi chachikulu pakhoma la holo. Mawu oti jenda tinkangowamva pawailesi. Mayi anga ankati imeneyo ndi nkhani ya azimayi a m'maofesi ku City Centre, omwe ali ndi wowachapira kunyumba.

Tonse tinayamba tajambula papepala, ndipo chithunzi chomwe chinasankhidwa chinali changa. Ndinajambula minibasi yodzaza tho, ngati zomwe ndinkakwera pochokera ku Area 12, kumene bambo ankagwira ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga. Kungoti dalaivala wake anali mzimayi wovala duku, ndipo azibambo a kumbuyo anali atanyamula makanda pamiyendo. Ndinayenda ndi mapewa m'mwamba sabata yonse, mpaka mayi anandichenjeza kuti mutu usandikulire.

Tsikulo makolo anakhala pamabenchi pansi pa mitengo, ng'oma zikulira, fungo la penti lili ponseponse. Ophunzira a pakoleji aja atalemba minibasi ija pakhoma ndi choko, zinthu zinangoyenda mmene zimayendera masiku onse, popanda wolamula. Anyamata anathamangira maburashi. Ife atsikana tinangopezeka tili ndi ndowa m'manja, kutunga madzi pampopi ndi kutsuka zitini.

Nkhope ya dalaivala inali pamwamba, pofunika makwerero. Imeneyo ndinkaifuna ndekha. Koma nditangoponda pamakwerero, a Phiri, aphunzitsi a kalasi yathu, anandigwira mkono.

"Iwe Tadala, tsika. Mtsikana sakwera pamwamba pa anthu atavala diresi. Makolo onsewa akuona."

Sanali munthu woipa a Phiri, ndipo ankaona ngati akunditeteza. M'malo mwanga anakweza Yohane, mnyamata wamtali wa m'kalasi mwathu. Yohane anali asanaonepo mzimayi akuyendetsa minibasi, ndiye dzanja lake linangochita zomwe maso anazolowera. Posakhalitsa dalaivala wanga anamera ndevu. Anthu anaseka, ena mpaka kuwomba m'manja, ine ndili chiimire ndi ndowa, misozi ili lengelenge. Zinandipweteka kwambiri.

Bambo anafika mochedwa pa njinga yawo, atapempha abwana kuti achokeko pang'ono, akadali mu ovolosi yobiriwira ya kuntchito. Anali munthu wofatsa ndi wamanyazi, wovulira chipewa aliyense wovala taye. Nditawafotokozera, ndinkadziwa kale kuti andiuza kuti ndimvere aphunzitsi. Koma iwo anayang'ana ndevu zija kwa kanthawi, navula chipewa, n'kupita kwa a Phiri.

"Pepani aphunzitsi, ine sukulu sindinapite nayo patali, ndiye mundithandize. Cholakwika apa n'chiyani, mwanayu kapena diresi?"

A Phiri anaseka pang'ono. "Ndi diresi, bambo."

"Ooo, ndiye ndi zazing'ono zimenezo."

Pomwepo, pamaso pa anthu onse, bambo anavula ovolosi ija. Anatsala ndi malaya ndi kabudula wakale wa zigamba amene ankavala m'kati, timiyendo tawo towonda tili pamtunda. Kumabenchi kunamveka phwete, ndipo mayi wina wovala bwino anabisa nkhope m'manja. Bambo sanacheuke. Anandiveka ovolosiyo pamwamba pa yunifolomu, n'kupinda mikono ndi miyendo yake kangapo. Inkanunkhira thukuta ndi kapinga wongotchetcha kumene.

"Kwera," anatero. "Ndagwira."

Ndevu sizifufutika msanga. Ndinapaka penti kawiri, n'kudikira kuti iume, kenako ndinamuveka dalaivala wanga uja duku lachikasu. Yohane ndi amene ankandigwirira chitini, akung'ung'udza kuti ndikanamuuza msanga kuti ndi mzimayi. Nditatsika ndinapeza atsikana anzanga ali pamzere, aliyense akufuna ovolosi. Inayenda pa Chisomo, pa Fatuma, mpaka pa kamtsikana ka Sitandade 4 komwe kanamira m'menemo. Ndowa zitasowa ozinyamula, anyamata anapita okha kumpopi, ndipo ndinaona ndi maso angawa a Phiri akutsuka burashi. Nthawi yonseyi bambo anali chigwirire makwerero mu kabudula wawo uja, dzuwa likuwaotcha.

Pobwerera anandikweza pakaliyala, ovolosi ili mawangamawanga a penti. Tinadutsa chipwirikiti cha m'tauni. Titafika m'misewu ya zii ya kumipanda ikuluikulu, anati, "Akakukaniza chinthu, usayambe ndi kulira, usayambenso ndi mwano. Uziyamba wafunsa chomwe chikuletsa. Nthawi zina umapeza kuti ndi kansalu chabe."

Malangizo amenewa andithandiza m'malo ambiri, ndipo kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti phunziro la tsikulo linali lomweli. Koma pano, pamene nanenso ndikulera ana, ndikuona zina. Funso lija silinawatayitse kanthu bambo. Chomwe chinawavuta ndi kuima nthawi yonse ija ndi zigamba zawo poyera, pamaso pa anthu omwe ankawaopa, iwo amene sankatuluka ndi kabudula ngakhale popita kukagula mchere. Kuuza mtsikana kuti akwere n'kosavuta, aliyense angathe. Ine ndinakwera chifukwa pansi panali munthu wololera kusekedwa m'malo mwanga.